Wenzulo wa Mkuwa M'kamwa Mwanga

Ndikukumbukira fungo la palafini pakhonde la nyumba yathu ku Madaraka, kuno ku Nairobi. Tinkakhala m'nyumba zosanjikizana, ndipo Loweruka kukakhala mpira kubwalo lalikulu lapafupi, phokoso la ochemerera linkafika mpaka kukhitchini. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Abambo ankagwira ntchito kubungwe lina loona za mbewu, koma mukanawafunsa akanakuuzani kuti luso lawo lenileni linali lokonza zinthu. Anakonzapo wailesi mpaka inasiya kulankhula. Galimoto yathu nayo anaikonza, ndipo chaka chimenecho inali itagona panja miyezi iwiri.

Vuto lawo lina linali Chiswahili. Ankadziwa mawu owerengeka, koma amodzi ankawakonda kuposa onse, mawu oti sawa, kutanthauza kuti chabwino. Kaya amva kaya sanamve, iwo ankangoti "sawa sawa," mutu ukugwedezeka. Amayi ankawanena kuti tsiku lina adzagulitsa ana ndi sawa wawoyo.

Amayi ankaphika thobwa loti Amalawi anzathu amwe tikatuluka m'tchalitchi, ndipo Lamulungu lililonse botolo limodzi linkatayikira m'chikwama n'kunyowetsa buku la nyimbo. Ndiye tsiku lina abambo anabwera kuchokera ku Karen atanyamula chinthu cholemera. Mzungu wina amene ankagwira naye ntchito ankataya katundu wa malemu bambo ake m'galaja, ndipo anauza abambo kuti atenge chimene chawasangalatsa. Iwo anasankha chichitsulo chobiriwira chokhala ndi chogwirira chachitali. Ukakoka chogwiriracho, kachitsulo kena kankakwera m'mwamba. Anatenganso chitini cha mabisiketi chimene chinali pambali pake. Wosamalira maluwa panyumbapo anawauza kanthu m'Chiswahili, ndipo abambo anatolamo liwu limodzi lokha, risasi. Liwuli anali atalimva kwa okonza mawailesi, amene amatchula choncho mtovu wowotcherera mawaya, ndiye anangoti sawa n'kunyamuka.

"Mayi a Takondwa, mavuto a thobwa atha," anatero akulowa m'nyumba. "Awa ndi makina otsekera mabotolo."

Anaboola mabowo anayi pathebulo la pakhonde n'kumangapo makinawo ndi mabawuti. Atakoka chogwirira, chinatsika mpaka pakati n'kuima. Anakankha ndi mphamvu zonse, koma ayi ndithu. Loweruka loyamba anati ndi dzimbiri, ndipo anatsuka paliponse ndi palafini ndi mswachi wanga wakale. Loweruka lachiwiri anamasula chilichonse chomasulika, n'kuyala zitsulo panyuzipepala mwandondomeko, n'kuthira mafuta a makina osokera a amayi. Atabwezeretsa zonse panatsala kachitsulo kamodzi kamene sanakapezere malo, ndipo chogwirira chinaimanso pomwe paja. Loweruka lachitatu anatulutsa hamala, amayi n'kuwalanda.

Ine maso anga anali pa chitini chija. Mabisiketi munalibe, koma munali timachubu ta mkuwa totalika ngati chala changa, topanda kanthu mkati, totsekeka mbali imodzi. Tinkanunkha ngati machesi amene angozima. Abambo anati ndi zida za makinawo, ndisakhudze. Ndinaba kamodzi. Ndinakapukuta ndi mandimu mpaka kanawala, ndipo ndinatulukira kuti ukakaika pansi pa mlomo n'kuuzira, kankalira mokoma kuposa wenzulo wa aphunzitsi a masewera. Kankagona pansi pa pilo, kukacha kankalowa m'thumba la diresi.

Hamala italandidwa, abambo anavomera kupita kwa katswiri. Anakulunga makinawo m'chitenje cha amayi, ndipo poti galimoto inali ikudwalabe, tinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka ku Kawangware. Ananditenga chifukwa Chiswahili changa cha kusukulu chinkaposa chawo, ngakhale iwo anati akufuna ndipitidwe mphepo. Kumeneko kunali fumbi, utsi wa chimanga chowotcha ndi phokoso la anthu osula mbaula. Tinalowa m'kachisakasa ka malata ka Mzee Barasa, nkhalamba ya imvi imene anthu ankati palibe chitsulo chimene chinaikanika.

Mzee Barasa anamasula chitenje. Anaunika ndi tochi kumtunda kwa makinawo, anamasula kachitsulo kena kozungulira, n'kugogoda pang'ono. Munatuluka kachubu ka mkuwa kopindika, kofanana ndendende ndi wenzulo wanga. Kanali katatsakamira mmenemo, mwina kwa zaka zambiri. Atakoka chogwirira, chinatsika bwinobwino mpaka pansi. Abambo anaomba m'manja, koma nkhalambayo sinaseke. Inadzuka n'kutseka chitseko.

"Mzee, hii ni mashine ya risasi," inatero motsitsa mawu.

"Sawa sawa," anayankha abambo mosangalala.

Mzee Barasa anawayang'ana, kenako anatambasula zala ziwiri ngati mfuti n'kuloza kudenga. "Risasi. Bunduki. Pa!"

Apa sipanafunikenso womasulira, koma ndinamasulirabe. Risasi ndi mtovu, inde, komanso ndi chipolopolo. Makina athu a thobwa anali odzazira zipolopolo zowombedwa kale kuti zigwirenso ntchito, ndipo timachubu tija tinali makoko ake. Nkhalambayo inati munthu wopanda chilolezo akapezeka ndi zimenezi, ngakhale khoko limodzi lopanda kanthu, apolisi samvera zonena zake. Kwa alendo ngati ife inati kuli kundende, kenako ndege yobwerera kwanu. Inafunsa ngati tili ndi makoko ena. Abambo anati onse ali m'chitini kunyumba. Dzanja langa linali m'thumba la diresi, litafumbata limodzi.

Ndinali ndisanaonepo abambo akuchita mantha. Thukuta linatsika m'khosi mwawo mpaka kolala inanyowa. Anapempha kusiya makinawo pompo, koma Mzee Barasa anakana kwamtuwagalu, ndipo anakananso malipiro. Panja panali ngalande yaikulu ya madzi akuda. Abambo anaima pamenepo kanthawi akuganiza zotayamo makinawo, kenako anapukusa mutu n'kunena kuti ana angatole. Anaimbira mkulu woona za chitetezo kuntchito kwawo, amene anawauza kuti apite nazo kunyumba, asakhudze chilichonse, Lolemba akapereke limodzi kupolisi.

Ulendo wobwerera ndi umene umandibwerera m'maloto mpaka lero. Abambo anakhala pafupi ndi khomo, mtolo uli pamiyendo, ine pambali pawo. Ndinkafuna kutaya wenzulo pawindo, koma windo linali kutali ndipo abambo akanaona. Kuwauza ndinkaopa. Ndikuganiza choncho, matatu inachepetsa liwiro, ndipo kutsogolo ndinaona apolisi awiri akuimitsa magalimoto. M'mutu mwanga munangobwera kuti akapisa m'thumba langa, abambo amangidwa chifukwa cha ine. Ndinachita ngati ndikutsokomola n'kuponya kachubuko m'kamwa.

Kanali kozizira ndi kowawa, ndipo kankandibaya m'tsaya. Malovu anadzaza, koma kumeza sindikanayerekeza. Wapolisi mmodzi anasuzumira pakhomo, maso ake n'kugwera pa chitenje cha amayi.

"Mzee, umebeba nini?" anafunsa, kutanthauza kuti mwanyamula chiyani.

"Chuma," anayankha abambo.

M'Chiswahili chuma ndi chitsulo. Linali yankho loona, ndipo mwina kanali koyamba kuti Chiswahili cha abambo chilondole. Wapolisiyo anagogoda mtolowo ndi chala, kenako anatembenukira kwa ine n'kundipatsa moni. Ndinangomuyang'ana, masaya atatupa, misozi ikulengeza. Anafunsa chifukwa chake mwanayu sayankha akulu, abambo n'kunena m'Chingelezi kuti ndi wamanyazi. Wapolisiyo anaseka, anamenya chitseko ndi chikhatho, ndipo tinanyamuka. Sindinalavule ngakhale titasintha matatu m'tauni. Pa bampu iliyonse ndinkamva kachubuko kakuyandikira kukhosi.

Titafika kunyumba, abambo anayamba kufotokozera amayi, amene anangokhala pansi manja ali kumutu. Kenako amayi anandiyang'ana.

"Takondwa, uli ndi chiyani m'kamwamo? Tatsegula."

Ndinalavulira pathebulo. Kachubuko kanagubuduka n'kukaima pa limodzi la mabowo anayi aja. Ndinatseka maso kudikira lamba, chifukwa ndinali nditaba, ndinabisa, ndiponso ndinatsala pang'ono kumangitsa kholo. Lamba sanabwere. Nditatsegula maso, abambo anali atagwada patsogolo panga, manja awo onunkha palafini atagwira masaya anga.

"Njira yonse ija? Nanga ukanameza, mwana wanga?" anatero abambo. "Wolakwa ndine. Munthu anandichenjeza ku Karen, ine n'kuti sawa."

Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akuvomera kulakwa pamaso pa mwana, ndipo zinandiopsa kuposa lamba.

Lolemba abambo anavala jekete la kutchalitchi. Mkulu wa chitetezo anabwera ndi galimoto, pamodzi ndi mzungu uja, amene anali atafukula mapepala akale a malemu bambo ake osonyeza kuti anali a kalabu ya owombera chandamale. Ananyamula makina, chitini ndi wenzulo wanga. Tsiku limenelo kusukulu sindinamve kanthu. Belu litalira ndinathamanga, ndinakwera masitepe awiriawiri, ndipo ndisanagogode ndinaona nsapato zakuda za abambo zili pakhomo. Ndinakhala pansi pompo n'kulira mpaka aneba anatuluka. Apolisi anali atawafunsa mafunso kwa maola ambiri, anawalembetsa chikalata, n'kuwauza kuti azipita. Thobwa linapitiriza kutayikira m'chikwama mpaka amayi anayamba kuthira m'zigubu.

Masiku ano zotere sizingachitike mosavuta. Munthu amangojambula chinthu ndi foni, foniyo n'kumuuza dzina lake ndi ntchito yake asanachinyamule. Abambo anapuma ntchito, ali ku Zomba, ndipo akukonzabe zinthu zimene sizinawalakwire. Ine ndinabwereranso ku Nairobi kudzagwira ntchito, ndipo ana anga amalankhula Chiswahili kuposa Chichewa. Koma kuyambira Lolemba lija, abambo sanayankhenso sawa pa chinthu chimene sanamve. Anandipempha kuti ndiwaphunzitse mawu awiri, ndipo ankawanena mosachita manyazi kumsika, m'matatu ngakhale kwa ana aang'ono: sijaelewa, rudia, kutanthauza kuti sindinamve, bwerezani.

Mwezi watha, abambo atabwera kuno kuchipatala, dokotala ankandifotokozera za mankhwala awo atsopano a mtima, akulankhula mothamanga, mawu ake ataliatali. Ndinazindikira kuti mutu wanga wayamba kugwedezeka ndipo sawa ali kale pamlomo. Pomwepo ndinamva kuwawa kwa mkuwa m'tsaya. Ndinamuimitsa dokotalayo n'kumupempha kuti ayambirenso.