Miyala ya apongozi

Pepala limene likanapulumutsa khoma lathu ndikadali nalo. Lili mu envulopu yachitatu m'bokosi langa lachitsulo, pakati pa kalata yanga ya ubatizo ndi makadi a kuchipatala a akazi anga. Anandijambulira ndi fundi wina wokalamba, mmisiri womanga nyumba, pamene ndinkasunga zipangizo pa kampani yomanga nyumba ku Mikocheni, dera la anthu olemera mumzinda uno wa kunja kwa dziko lathu. Anajambula mizere iwiri, wina khoma, wina miyala yokongoletsa kunja, pakati n'kusiya mpata wa zala ziwiri. Anati mvula idzalowa ndithu m'mipata ya miyala, palibe woiletsa. Chofunika n'chakuti madziwo apeze potsikira, atulukire m'timabowo tapansi, mphepo ilowe iumitse. Mawu akewo ndinawalemba kumbuyo kwa pepalalo tsiku lomwelo.

Nyumba yathu ya ku Keko, dera lina la mumzinda womwewu, inali yakale, yomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Kukongola inalibe, sindikana. Koma khoma lake linkamwa madzi mvula ikagwa n'kuwalavula dzuwa likatuluka, ndipo tinaleleramo ana popanda wodwala chifuwa.

Kenaka malonda anamasuka. Masitolo amene kwa zaka zambiri munali mashelefu okhaokha anadzaza, ndipo simenti imene tinkaipeza ndi kalata ya chilolezo inayamba kugulitsidwa m'mbali mwa msewu. Mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wathu wamkazi woyamba, anayamba kuitanitsa penti ndi matailosi kunja, zinthu n'kumuyendera. Ndi mwana wa anzathu ochokera kumudzi, wobadwira konkuno, waulemu. Loweruka lina anafika ndi lole yodzaza miyala yaphanthiphanthi ya ku Tanga.

Anaima patali, manja kumbuyo, n'kupereka moni waulemu wa kuno. “Shikamoo, baba. Tabweretsa kamphatso. Nyumba ya apongozi anga isamaoneke ngati godauni yosungiramo katundu.”

Pepala lija linali m'thumba la malaya anga, chifukwa ndinali nditamva mphekesera. Koma kwathu mkamwini sumutsutsa pamaso, makamaka atanyamula mphatso, antchito ake akuonerera. Ndinangoti, “Zikomo kwambiri, apongozi.”

Ndinadzera kwa mwana wanga, monga mwa mwambo. Ndinamuitanira kuseri n'kumuonetsa pepalalo.

“Ababa, mapepala anu aja mwayamba,” anatero akuseka. “Anthu onse a ku Mikocheni akumata chonchi. Mukufuna ndikawauze kuti mphatso yawo ili ndi malamulo?”

Ndinayesa kwa fundi amene anabwera ndi lole. Analiyang'ana pepalalo chozondotsa.

“Mzee, wondituma ndi bwana, si inu. Mpata wa chiyani? Mukufuna makoswe apeze chipinda?”

Anamata miyalayo pakhoma penipeni ndi simenti yolimba, kutsogolo ndi mbali ya chipinda chathu chogona, kumene mvula imawombera. M'kati anapaka penti ya mafuta yobiriwira, yonyezimira ngati mbale. Anthu odutsa ankaima n'kumaloza. Akazi anga anakondwa, ndipo sindinawaletse.

Mvula yaikulu ya nyengo imene kuno amaitcha masika itafika, zinachitika monga momwe fundi wokalamba uja ananenera. Madzi analowa m'mipata ya miyala, osapeza potulukira. Kunja simenti, m'kati penti. Penti inatupa matuza, ndipo ndikaboola limodzi ndi chala munkatuluka madzi. Pansi pa zenera panatuluka mchere woyera. Nsapato zanga za ku tchalitchi zinachita chuku. Bokosi la mapepala ndinalikweza pampando, pakati pa chipinda, kutali ndi khoma. Koma bedi linalibe koti ndilikokere.

Akazi anga anayamba kutsokomola. Poyamba tinkati ndi chimfine, koma mvula itatha chifuwa sichinathe, chifukwa khomalo silinaume ngakhale m'nyengo yotentha. Popuma ankalira ngati kamluzu. Kuchipatala dokotala anawafunsa ngati amagona pachinyezi, ndipo ndinamupempha kuti alembe funso lakelo pakhadi. Analemba. Khadilo ndili nalo, pamodzi ndi ena onse amene anatsatira.

Ndinakhala pansi n'kulembera mkamwini wanga kalata ya masamba atatu, ndi kaboni pansi kuti nditsale ndi yanga. Ndinafotokoza mwaulemu kuti miyala ichotsedwe, khoma lipume, ndipo ngati akufuna kuibwezera aiike pa timitanda, ndi mpata, ndi timabowo pansi ndi pamwamba. Ndisanatumize ndinawawerengera akazi anga. Anamvetsera mpaka kumapeto.

“Mwalemba bwino, abambo,” anatero. “Tsopano ikani m'bokosi.”

“Ndiike m'bokosi bwanji, inu mukulephera kupuma?”

“Mwamuna akachititsidwa manyazi ndi apongozi ake sakalipira apongoziwo. Amakakalipira mkazi wake. Anzake onse anawabweretsa kudzaona miyala imeneyi. Mwana wathu adzakhala bwanji m'nyumba ija?”

“Nanga chifuwa chanucho?”

“Chifuwacho ndi changa.”

Kalata ndi kaboni yake zili mu envulopu yachinayi, zonse ziwiri.

Ndinaganiza zochita mwandekha. Ndinabwereka tchizulo kwa akalipentala a mumsewu mwathu, n'kuboola timabowo tisanu ndi tiwiri m'munsi mwa khoma, kuseri kwa zitini za maluwa. Ndinagwada masana onse. Tiwiri tokha ndi timene tinadontha madzi ofiirira, enawo anali gwa, chifukwa kuseri kwa miyala kunalibe mpata woti madzi atsikiremo. Komabe ndinkapita m'mawa uliwonse kukaona timabowo tiwirito, ndipo ndinkalemba tsiku limene tadontha.

Lamulungu lina mkamwini wanga anabwera kudzationa. Potuluka anasuntha chitini ndi phazi, n'kuwerama.

“Baba, pepani sana. Fundi uja wandichititsa manyazi, anasiya mabowo. Mawa ndimutumiza.”

Akazi anga anali pakhomo, akundiyang'ana. Ndinati, “Zikomo, apongozi.”

Lolemba fundi anabwera ndi ndowa ya simenti n'kutseka onse asanu ndi awiri. Anasalaza bwino.

Sabata yomweyo tinasamutsira bedi ku kachipinda ka kumbuyo, pafupi ndi khitchini, kamene tinkasungiramo makala. Khoma lake sanalimate chifukwa silioneka kumsewu. Bedi likalowa, chitseko sichitseguka chonse, ndipo bokosi langa limakhala pansi pake. Kumeneko chifuwa cha akazi anga chinachepa, ngakhale sichinathe, ndipo masika aliwonse khadi limawonjezeka. Chipinda chachikulu timachitsekula m'mawa kuti fungo lituluke, n'kuchitseka tikamva galimoto.

Mkamwini wanga sadziwa kumene timagona. Amabwerabe ndi anzake, amaima nawo pamsewu n'kuwaonetsa miyalayo. Akandifunsa alendowo, ndimayankha kuti ndi mphatso ya apongozi anga.