Mawu amene mpongozi analephera kutchula

Anayamba kundiuza ndi amake Mutinta, aneba anga kuno ku Estates, mu Kafue. Lachiwiri m'mawa ndikuyanika zovala, anasuzumira pampanda n'kundifunsa ngati ndikudziwa kumene amuna anga, bashi Esnati, amapita akandiuza kuti akukaona anzawo. Akuti anawaona kuseri kwa njanji, pa chigwembe chija timakumbapo dothi lozira, bambo wa imvi akutsetsereka pa njinga, kugwa, kudzuka, kubwereranso pamwamba. "Muwapempherere," anatero. "Kutha kwa ntchitoku kwazunguza mitu ya ambiri."

Kupemphera ndinapemphera. Koma ndinamanganso chitenje kukadzionera ndekha.

Mukudziwa mmene zilili mu Kafue chigulitsireni makampani. Fakitale itawachotsa, bashi Esnati anagula njinga ya salaula, yogwirapo kale ntchito kunja, izi za matayala onenepa ndi magiya, kuti azikatenga nsomba ku Chanyanya, ine ndizigulitsa pamsika. Ulendo woyamba, potsetsereka penapake, anakoka buleki yakutsogolo ndi mphamvu monga ankachitira pa njinga yawo yakale yakuda ija. Yakaleyo inkayamba yaganiza kaye isanaime. Iyi siganiza. Munthu anauluka, nsomba zonse m'matope. Chichokereni tsikulo sanapitenso, ndipo msodzi amene amatisungira nsomba anatumiza mawu kuti akapanda kuwaona Loweruka lino, apeza wina.

Nditafika pachigwembe ndinapeza kuti sali okha. Mphunzitsi wawo anali Kelivini, mwamuna wa mwana wathu Esnati, amene amakonza njinga kufupi ndi siteshoni. Anaima kutali ndithu monga mpongozi woleredwa bwino, chipewa m'manja. Bambo akagwa, iye amathamanga, kudzutsa njinga, kuwongola mahendulo, n'kunena chapansipansi kuti, "Mwayesa, batata."

Mwayesa chiyani, munthu akutuluka magazi pachigongono?

Ndinamuitanira pambali. Maso ali pansi, anandifotokozera zonse bwinobwino. Potsetsereka munthu sakhala, amaimirira pamapedulo, mapazi onse molingana, mawondo opindika pang'ono. Mabuleki amawagwira onse awiri mofatsa, osati kuwadzidzimutsa. Maso amayang'ana kumene akufuna kupita, chifukwa ukayang'anitsitsa mwala, mwalawo ndi umene ukagunde. Zonsezi anali atawauza kale apongozi akewo. Chatsala chimodzi, anatero, ndiye chachikulu, koma pakamwa pake sichingatuluke. Anangoloza kumbuyo kwake ndi chipewa chija, thukuta lili kamukamu.

Ndinamva. Masiku anayi athunthu munthu akugubuduka m'fumbi chifukwa cha liwu limodzi.

Ine si mpongozi wawo. Ndinaima m'munsi mwa chigwembe n'kukuwa: "Bashi Esnati, matako kumbuyo kwa chishalo!"

Kelivini anatembenuka n'kuyamba kuwerenga zitsulo za njanji. Koma bambo anatsika mpaka pansi, mwaulemu ngati sitima yolowa pasiteshoni. Anabwereza kasanu osagwa. Dzuwa lisanatenthe anali ataphunziranso kunyamula tayala lakutsogolo podumpha kamgula, ndipo dzulo anandionetsa pabwalo mmene amaimira njinga malo amodzi osaponda pansi. Amake Mutinta nawonso anaonera pampanda. Ambuye ndi abwino.

Tsono anzanga, ulemu ndi chinthu chokoma, ndipo ndikuthokoza Mulungu pondipatsa mpongozi wodziwa malire. Koma masiku ano abambo ambiri amene anakalambira pa mashini amodzi akuyamba moyo kachiwiri. Wina akuphunzira kuwotcha makala, wina kuitanira anthu pa minibasi, wina kusankha salaula. Owaphunzitsa ndi ana awo, apongozi awo, anyamata amene dzana ankawagwadira. Akulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene wafunsa, ife n'kumubisira yankho poopa manyazi, adya chiyani?

Ngati pakamwa panu palemera, musangoti "mwayesa". Pezani munthu amene angathe kunena, anene. Ndipo mukaona bambo wa imvi akugwa n'kudzuka, musathamangire kuti wapenga. Wopenga sabwerera pamwamba kukayesanso.

Loweruka m'mamawa bashi Esnati anyamuka kupita ku Chanyanya, dengu lili pa keriya. Ine mtima uli m'malo, ndaona ndi maso anga. Komabe mukagwada mlungu uno, mutikumbukire ife a m'nyumba muno: bambo pa msewu wa maenje uja, ine pamsika ndikudikira nsomba, ndiponso Kelivini, amene kuyambira Lachiwiri akandiona ndikubwera amalowa pansi pa njinga za makasitomala.