Ndinatsala pang'ono kumwetsa kwaya sumu

Kuyambira Loweruka lapitali, kuno ku Lufita palibenso amene akunditchula dzina limene anandipatsa amayi anga kwathu ku Ntcheu. Ndikamadutsa pamsika ndikungomva, "Monile, Mayi Sumu!" Ine ndikumayankha ndithu, chifukwa dzinalo ndinalifuna ndekha.

Nkhani yake inayamba ndi ukwati. Mayi Namwaka, mnzanga amene timayimbira limodzi m'kwaya ya amayi, amakwatitsa mwana wawo Tusekile kwa mnyamata wa ku Misuku. Mayiwa ali ndi kagolosale pafupi ndi msika, ndipo katundu wawo amakapikula ku Tanzania. Ndiye pa ukwati wa mwana wawo ananeneratu kuti akuchimuna asadzamwe zinthu wamba. Anawoloka malire n'kukagula makatoni a juwisi wosungunula ndi madzi uja.

Pobwerera, akuluakulu oona za katundu wolowa m'dziko anatsegula katoni imodzi pa boda, n'kutembenuza botolo uku ndi uku. Lebulo yake inali ya Chiswahili chokhachokha. Tsiku limene juwisiyo anapangidwa panalibe, tsiku lothera mphamvu panalibenso, ndipo amene anamupanga sanafune n'komwe kudzitchula. Makatoni onse anatsala komweko.

Mayi Namwaka anafika kokonzekera nyimbo maso ali gwee. Tsiku limenelo sitinayimbe, tinazenga mlandu. Ndipo pa oweruza onse, wokweza mawu kwambiri ndinali ine.

"Juwisi ndi juwisi basi!" ndinatero. "Kodi botolo liyambe laphunzira Chichewa kuti munthu amwe?"

"Nadi, mama!" amayi onse anavomera.

Musaiwale kuti apa panali ulemu wa mayi. Akuchimuna atsike mapiri onse aja a Misuku, adzakhale pampando kukhosi kuli gwa? Anthu akanaiwala diresi la mkwatibwi, koma zimenezo sakanaziiwala.

Mlamu wawo wa Mayi Namwaka, amene ali ndi njinga yamoto, ndi amene anati, "Zisiyireni ine." Anakagula juwisi wina kutsidya n'kudzera njira zija zosadutsa pa boda, zimene tonse timazidziwa koma sititchula. Lachisanu masana anatula thumba pakhomo la khitchini n'kuthamangira kukatenga mipando. Chimene ine sindinauzidwe n'chakuti m'thumba lomwelo munalinso zinthu zimene anthu ena anamutuma.

Ine ndinapatsidwa ntchito yosungunulira kwaya chakumwa, popeza amayi anali atayimba pansi pa mtengo mpaka mawu kusasa. Ndinatunga madzi m'ndowa, n'kumasula thumba lija. Pakati pa mabotolo akuluakulu ndinapeza kabotolo kena kokongola, ka madzi achikasu. Pa kapepala kake panajambulidwa malalanje ndi tomato wonenepa, ndipo pamwamba panali zilembo zikuluzikulu: SUMU KALI.

Inu a kumwera, dikirani ndikuthandizeni. Pa Chitumbuka, sumu ndi nyimbo. Amenewa ndi amodzi mwa mawu oyambirira amene ndinaphunzira nditabwera kuno, ndipo ndinawaphunzirira m'tchalitchi, malo oti sangakunamize. Nanga "kali"? Si ukali womwewu? Ndiye mutu wanga unaphatikiza bwinobwino: nyimbo yaukali. Ndinati anzathu a kutsidya ndi ochenjera bwanji, mpaka kupanga chakumwa chotsegula kukhosi kwa oyimba!

Nditatsegula, kanatuluka kafungo konga ka palafini. Koma kodi mankhwala a chifuwa amanunkhira? Ndinati zamphamvu zimatero.

"Amayi, bwerani ndi makapu!" ndinafuula. "Mawa sopulano ikafika kumwamba!"

Mayi Namwaka anatuluka m'khitchini manja ali mbuu ndi ufa. Ataona kabotolo kali mozondoka pang'ono pamwamba pa ndowa, anakuwa mawu amene sindinawamvepo ngakhale pa nyimbo ya Isitala.

"Lekani, mama! Lekani! Mukukhumba kutikoma tose? Mukufuna kutipha tonse?"

Anandigwira dzanja mwamphamvu moti mpaka lero pali kachizindikiro ka chikhadabo. M'ndowa simunagwe ngakhale dontho.

"Iyi si sumu ya kutchalitchi iyi," anatero akupumira m'mwamba. "Kwa anzathu uko sumu ndi poizoni. Awa ndi mankhwala opopera tomato, anatuma mlamu wanga ndi bambo ena a ku Kaseye."

Ndinangokhala pansi pomwepo. Amayi aja anali ataima pamzere, aliyense kapu ili m'manja. Kenako mayi wina wa alito, amene nthawi zonse sachedwa kuyankhula, anasuzumira m'kapu mwake n'kunena kuti, "Koma sananame mayiwa. Tikanakafikadi kumwamba, kwaya yonse, ndi yunifolomu yomwe."

Abale, tinaseka! Tinaseka mpaka ena kugwirana mapewa, ena kupukuta misozi ndi zitenje. Inenso ndinaseka, koma ndikuuzeni zoona, sizinali zoseketsa. Safunsa anadya phula, ine ndikanadyetsa anzanga.

Titatha kuseka ndinakayang'ananso kabotolo kaja. Panalibe chigaza ndi mafupa opingasa chija chimene ngakhale wosadziwa kuwerenga amachiopa. Panalibe dzina la amene anapanga. Zikuoneka kuti wina anangogawa mankhwala m'timabotolo n'kumatapo kapepala kake. Chenjezo lonse linali m'mawu awiri aja, ndipo mawuwo atawoloka malire anasanduka nyimbo.

Pamenepo ndinakumbukira akuluakulu a pa boda amene ndinawanyoza. Kodi anapempha chiyani chachilendo? Amangofuna kuti katundu akamalowa kuno, adzinenere yekha m'Chingerezi kapena m'Chichewa kuti iye ndi chiyani, m'kati mwake muli chiyani, wachokera kwa yani, ndipo atha mphamvu liti. Ngati ndi woopsa, anene poyera. Ndi nkhanza zimenezo?

Vuto lathu ndi lakuti chinthu chikachokera kunja timachipatsa ulemu ngati mpongozi. Zilembo zikakhala zosamveka, m'pamene timati n'chenicheni. Timadzola mafuta osadziwa kuti ndi a nkhope kapena a nsapato. Timamwa mapilitsi chifukwa wogulitsa wati, "Awa ndi amphamvu." Wogulitsayo mwina Chiswahili amachidziwa, ngati Mayi Namwaka, koma sapita nalo botolo kunyumba kwanu. Limapita lokha, likafika ku Karonga, ku Mzuzu, mpaka kwathu ku Ntcheu, kumene sumu siitanthauza nyimbo kapena poizoni, ndipo mwana amangoona malalanje.

Ndiye inu anzanga opikula katundu kutsidya, musanatulutse ndalama tembenuzani botolo muone ngati kasitomala wanu angaliwerenge. Ndipo musanawoloke, yambani mwafunsa ku ofesi ya pa boda zimene amafuna. Kufunsa kulibe msonkho.

Mwina mukufunsa kuti nanga akuchimuna anamwa chiyani. Mayi Namwaka anatenga mabotolo a juwisi a m'thumba muja limodzilimodzi, n'kupeza kuti ndi omwe aja opanda tsiku. Anawabweza m'thumba n'kumanga okha.

"Pa ukwati wa mwana wanga samwapo munthu chinthu chosadziwika," anatero. "Ndani ali ndi chimera?"

Chimera chinapezeka m'nyumba zingapo, miphika inakwera pamoto, ndipo pofika Loweruka m'mawa zidebe zinali zitadzaza ndi chindongwa, thobwa la kuno lija. Akuchimuna anamwa n'kumanyambita milomo. Malume a mkwati anabweza kapu kawiri, ndipo ndinawamva akuuza Mayi Namwaka kuti, "Yewo chomene, mama. Mwatilandira ngati anthu a pakhomo." Mayiwa nkhope inawala kuposa ya mkwatibwi.

Vuto linangobwera m'tchalitchi. Abusa atadalitsa mphete anatembenukira kwa ife n'kunena kuti, "Sono ŵamama ŵatipe sumu." Kwaya yonse inacheukira kwa ine. Sopulano inalephera kuyamba, alito anabisa nkhope m'mipango, ndipo abusa, amene nkhaniyi inali isanawapeze, anangoti mwina ndi chimwemwe cha ukwati. Titadzigwira tinayimba, ndipo sindikukumbukira tsiku limene tinayimbapo mokoma chotero. Ndinkayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, onse ali moyo, onse pakamwa yasa, misozi n'kumanditsika.

Mukafika kunyumba lero, tengani kabotolo kaja kali pawindo kapena kuseri kwa kabati, kamene munagula chifukwa kanali kotchipa. Kapatseni aliyense wa m'nyumba mwanu akawerenge. Sumu imene yalembedwapo ndi iti, yoti muyimbe, kapena yoti anzanu adzakuyimbireni?