Ukhondo Wonyanya wa Asisi

Kukoleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka. Ndinkaphunzira za zamoyo, ndipo ndinachokako mwaulemu wonse: aphunzitsi anaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kunja kusiyana ndi m'kalasi mwawo, nandilembera kalata yonena zomwezo. Kwathu nkhani ya kalatayo sinamveke kwenikweni. Chimene chinamveka n'chakuti ndinagwirapo makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Choncho nditapeza ntchito yogulitsa m'sitolo ya mankhwala ya mayi wina wachimwenye ku Old Town, abale anayamba kunditchula adokotala. Sindinakane. Udindo wobwera wokha suubweza.

Tsiku lina masana asisi, oyamba kubadwa m'banja mwathu, anatulukira pasitolopo. Iwo amataipa makalata ku Capital Hill, ndipo si munthu wothawa ntchito masana. Anaima pakona, akuwerenga botolo la mankhwala a chifuwa ngati nyuzipepala, mpaka ogula onse atatuluka.

"Adokotala, tatuluka kaye."

Tinakaima kuseri, potayira makatoni. Anandiuza kuti kwa miyezi inayi akhala akutuluka chikazi chotuwa, cha fungo ngati la nsomba. Basi ya kuntchito anasiya kukwera, kuopa kuti wokhala naye mpando amva. Ankakwera minibasi ya anthu osawadziwa, n'kukhala pawindo ngakhale kukuzizira.

"Andibweretsera alamu ako," anatero. "Ndaitana ankhoswe, abwera Loweruka. Ine za banjali ndatopa nazo."

Banjalo linali la zaka khumi ndi chimodzi, la ana atatu.

"Kuchipatala mwapita?"

"Ndikatani? Kuti kamwana ka dzulodzuloli kakandifunse kuti ndagona ndi angati? Si iwe ulipo?"

Apa chaka changa ndi theka chinadzuka. Ndinakumbukira phunziro lina limene ndinalimva theka, poti theka linalo ndinali m'tulo. M'njira ya abambo mumakhala tizilombo tabwino, pachibale ndi tija timasasitsa mkaka kukhala chambiko. Timachititsa malowo kukhala owawasa pang'ono, kuti toipa tisapeze pokhala. Tabwinoto tikachepa, toipa timachuluka, fungo n'kuyamba. Mwamwayi, m'sitolo munali mutangofika mapulobayotiki, makapisozi a tizilombo tabwino, m'timabokosi tojambulidwa maluwa. Ankagula ndi amayi a ku Area 10 ndi 43, aja salowa m'sitolo makiyi a galimoto ali m'chikwama koma m'manja.

Ndinawapatsa asisi bokosi limodzi ndi manja awiri, ngati ndikupereka mgonero.

"Kamodzi patsiku. Ankhoswe muwauze adikire masabata awiri."

Masabata awiriwo anatha, fungo lili pomwepo. Lamulungu ndinapita kwawo ku Area 4 kukaona wodwala wanga. Nditalowa kubafa kukasamba m'manja, ndinapeza pawindo pali sopo wamtanda, kansalu koyera, jagi, ndi botolo la mankhwala aja timathira m'madzi okolopera pofuna kupha majeremusi. Botololo linali litatsala pang'ono kutha.

"Asisi, mumakolopa kangati m'nyumba muno?"

"Si zokolopera zimenezo. Ndimatsukira m'kati."

"M'kati mwake?"

"Nanga kunja kukhala ndi chiyani? Kale ndinkatsuka kawiri ndi sopo. Chiyambireni fungoli ndimatsuka katatu, masana ndimatsukira kuntchito. Madontho awiri a m'botolomo basi."

Anayankhula monyadira, ngati mwana wasukulu woonetsa kope lopanda cholakwa. Kenaka anandifotokozera zimene ine sindikanazidziwa. Madzulo a chilangizo cha ukwati wawo, azakhali ndi alangizi anzawo anawauza kuti mkazi waukhondo salola chinyezi: alowetse chala ndi sopo, apukute ndi kansalu mpaka muume, apo ayi mwamuna adzanyansidwa. Ine tsiku limenelo ndinali panja kusenda mbatata, chifukwa osakwatiwa salowa. Mpaka lero sindinalowemo. Choncho funso lofunika kwambiri sindinalifunse, poti sindinkadziwa kuti liliko.

Ndinakhala pamphepete pa bafa. Masabata awiri ndakhala ndikutumiza alonda, mwini nyumba akuwathira madzi otentha pageti katatu patsiku. Komanso, kunena zoona, sindinkadziwa ngati alonda omezedwa pakamwawo amafika n'komwe kumene ndinkawatuma.

Pamenepo ndinachita chinthu chanzeru koposa pa udokotala wanga wonse. Ndinati, "Asisi, ine sindikudziwa. Mawa tipite kuchipatala."

Tinapeza namwino wachikulire, wa imvi m'mbali, wosafulumira. Sanafunse za angati. Anawayeza asisi, natumiza zoyeza, ndipo zotsatira zitabwera anandilola kulowa.

"Matenda opatsirana pogonana amene mumaopa sitinawapeze, mayi. Tizilombo tanu tabwino tachepa, tina tachuluka. Mumwe mapiritsi awa masiku asanu ndi awiri, osadumphitsa. Ndipo m'katimo musiyemo. Mumadziyeretsa mokha. Inu tsukani kunja kokha ndi madzi."

Asisi anatulutsa bokosi la maluwa lija.

"Awa ena amati amathandiza, ena amati sizinadziwike bwino," anatero namwino. "Koma salowa m'malo mwa mankhwala. Anakupatsani ndani?"

Pakhoma panali chithunzi cha udzudzu. Ndinachiphunzira mozama.

"Ndiye kuti bambo a ana sanayende?" anafunsa asisi.

"Zimenezo makina athu saona, mayi. Ine ndikungoti vutoli si umboni. Limagwira ndi amene amuna awo satuluka n'komwe pakhomo."

Pobwerera tinayenda pansi mpaka pamlatho. Ndinkayembekeza kuti asisi asangalala, koma nkhope inali yolemera kuposa popita. Ndikuganiza kuti kukwiyira mwamuna kunali kopepuka. Mwamuna umamuitanira ankhoswe. Nanga azakhali, amene anakuphunzitsa mokukonda zimene nawonso anaphunzitsidwa, umawaitanira ndani? Ndipo munthu amene wamvera malangizo onse, osaphonya tsiku, amamva bwanji kuuzidwa kuti kumverako n'kumene kunkakolezera moto?

"Zaka zonsezi ndikudzipala chifukwa cha munthu ameneyu," anatero potsiriza. "Kenaka miyezi inayi ndikumupatsa msana. Sindinamuuze kanthu, ukudziwa? Ngakhale liwu limodzi."

Pomwepo anatulutsa foni n'kuimbira amalume, amene ndi nkhoswe yawo.

"Musavutike kubwera. Nkhani ija yatha."

Ndinamva mawu a amalume akutuluka m'foni. "Kodi inali nkhani yanji, mwanawe?"

"Ya azimayi."

Amalume anadula okha.

Titafika kunyumba tinapeza alamu ataweruka. Asisi anandiuza kuti nditenge ana tikagule chimanga chootcha, ndipo tisafulumire. Tinazungulira Area 4 yonse mpaka wamng'ono anayamba kulira miyendo. Zimene anakambirana sindikudziwa, ndipo sindinafunse.

Pobwera tinapeza alamu ali pakhonde, asisi akumveka kukhitchini akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Alamu anandikokera mpando, osandiyang'ana m'maso. Anayamba kupukuta magalasi awo ndi malaya.

"Mlamu," anatero motsitsa mawu, "miyezi inayi yonseyi ine ndimayesa wonunkha ndine. Mpaka anyezi ndinasiya kudya."