Ameni ya m'galimoto ya banki

Galimoto imene amuna anga ankayendetsa pakati pa Mitundu ndi Nathenje inabwera yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japani. Inali yoyera, m'mbali muli zilembo zobiriwira zonga mapazi a nkhuku. Ankanyamula matimati, mbatatesi ndi matenanti osamuka pa esiteti ndi mphasa zawo. Akangoiliza, mkatimo munkamveka mawu aulemu a mzimayi wolankhula Chijapani. Amuna anga ankati ameneyo ndi mkazi mnzanga. Ndikawayang'ana ndi diso loipa ankasintha, n'kunena kuti mayiyo akutipempherera ulendo. Tinazolowera kumuyankha kuti "Ameni". Ngakhale Asilamu a m'masitolo a pa Nathenje akakwera ankayankha nawo, akuseka.

Amuna anga atamwalira, galimotoyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango. Ndi imene inkatidyetsa, ndipo munthu woti aziyendetsa analipo. Koma alamu anga, achimwene awo aakulu, ananeneratu pamaliro pomwepo kuti adzaitenga tikameta. Sindinatsutse. Masiku amenewo chilichonse ndinkachimva ngati chikunenedwa kunyumba ya eni.

Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito m'tauni, anatsala nane. Tsiku lina masana analozetsa foni yake pa zilembo zija, foniyo n'kuzimasulira.

"Amayi, galimotoyi inali ya banki," anatero.

Anafufuza n'kundiwerengera. Inali banki yaing'ono ya chigawo chimodzi chokha cha kumapiri, imene amalonda a komweko anayambitsa kalekale. Imathandiza alimi a mpunga ndi eni timasitolo. Likulu lake lili m'katauni, nthambi zake zili m'madera ozungulira. Achinyamata akuthawira m'mizinda ikuluikulu, m'midzi mwatsala nkhalamba, ndiye nthambi zina akuzitseka. Mwina n'chifukwa chake galimotoyo anaigulitsa. Ndinkamvetsera ndikusankha nyemba m'lichero. Nkhalamba zimenezo sindinazimvere chisoni, ngakhale ine mwini sindinadzimvere.

Kenako mwana wanga analiza injini, n'kuyandikitsa foni pamene pankatulukira mawu a mkazi mnzanga uja. Anawerenga zimene foniyo inamasulira.

"Akuti chiyani?" ndinamufunsa.

"Akuti khadi silinalowetsedwe. Khadi lolipirira msewu wa kwawoko."

"Basi?"

"Basi, amayi."

Ndiye kuti zaka zonsezo tinkayankha Ameni kwa munthu wofunsa khadi. Kuseka kunandifika pakhosi, ndipo ndinatembenuka kuti ndiwauze amuna anga kuti bodza lawo lagwidwa. Pakhonde panali mpando wawo wokha.

Titameta, alamu anabwera kuchokera kwawo ku Diamphwe ndi munthu wodziwa kuyendetsa. Mwana wanga anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Amayi, musapereke makiyi. Mudya chiyani?"

Ndinamumva bwinobwino, koma mtima unali utauma gwa, mphamvu zokangana ndinalibe. Ndinalowa m'nyumba n'kukatenga makiyiwo pamsomali.

"Musadandaule alamu, ikhala m'banja momwemuno," anatero alamu powalandira, maso ali pamatayala.

Anakwera, wa kuchiwongolero n'kuiliza. Mayi uja analankhula mwaulemu monga mwa masiku onse. M'galimotomo palibe anamuyankha, chifukwa sankadziwa mwambo wake. Ine ndinkadziwa kuti akungofunsa khadi, koma pakamwa panga panatuluka mawu okha.

"Ameni."