Chida chaulemu cha a Namakhwa

A Wilson Namakhwa anabadwira m'malayini a antchito a pa esiteti ya tiyi, makolo awo atachokera ku Mozambique. Anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri pa sekondale ina pafupi ndi Mulanje Mission. Makompyuta atafika pasukulupo, aphunzitsi anzawo ankaopa kuwagwira, koma iwo anakhala nawo pansi mpaka kuwazolowera. Ana ankawadziwa ndi chinthu chimodzi, ulemu. Wolowa m'kalasi mwawo osanena odi ankabwerera pakhomo kukayambiranso, ngakhale akhale mphunzitsi wamkulu.

A Namakhwa atapuma ntchito, Hudson, mwana wawo wasukulu wakale amene anatsegula kakampani ku Blantyre, anawaitana. Kampaniyo inkapanga chida cha AI chothandiza olemba mapulogalamu a kompyuta. Munthu amachiuza zomwe akufuna, icho n'kulemba, kukonza kapena kufufuta mafayilo. Ntchito ya a Namakhwa inali kukonza mmene chidacho chizilankhulira ndi munthu: mawu ake, mabatani ake, ndi nthawi yoti chifunse. Ankagwirira kwawo ku Thuchila, pakhonde pomwe netiweki imagwirako bwino.

Iwo anagamula kuti makina asachite kanthu osapempha. Chidacho chikafuna kutsegula fayilo, chinkafunsa. Kusintha kadontho, chinkafunsa. Kufufuta kaundula yense, chinkafunsanso ndi kabokosi komweko, batani la "Eya" lili pamalo omwewo. Mkuluyu ankayenda monyadira ngati walera mwana wamakhalidwe.

Kuyesa anachiyesa ndithu, tisawanamizire. Anaitana olemba mapulogalamu asanu a m'boma lomweli, koma onse anali ana awo asukulu akale. Anawakhazika pakhonde, kuwadulira nanazi, n'kumawafunsa mmodzimmodzi kuti chili bwanji.

"Chili bwino zedi, aphunzitsi," aliyense anayankha choncho.

Nanga munthu amene anakuphunzitsa kuchulukitsa ungamuuze kuti walakwitsa, uli pakhonde pake, nanazi lake lili m'kamwa? A Namakhwa anayang'ana nkhope zomwetulira n'kukhutira. Akanayang'ana zala, akanaona kuti anawo ankadina "Eya" kabokosi kasanathe n'kutseguka komwe, chifukwa funso la makumi anayi pa ola limodzi palibe amene amaliwerenga.

Mmodzi wa asanuwo anali Joice. Iye yekha ndiye ankasamala pulogalamu ya kabungwe kena kotumiza mauthenga a pafoni kwa amayi oyembekezera, owakumbutsa tsiku la sikelo. Lachiwiri lina masana, akukonza pulogalamuyo ndi chida cha a Namakhwa, chidacho chinafunsa mwaulemu wake ngati chifufute chikwatu cha mafayilo chomwe chinkaoneka chakale. Chala chinadina chokha. M'chikwatumo munali kaundula wa amayi onse pamodzi ndi fayilo ina yomwe anakoperamo kaundulayo kuti asatayike. Mauthenga anaima mwezi wathunthu, antchito akukoperanso maina kuchokera m'makope, ndipo Joice anachotsedwa ntchito.

A Namakhwa atamva, analembera bungwelo kalata kuti cholakwa chinali chawo, koma yankho linali lakuti amene anadina ndi Joice. Anakonza chidacho kuti zazing'ono chizichita chokha n'kungonena zomwe chachita, koma pofufuta chiziima ndi zilembo zofiira mpaka munthu alembe yekha dzina la chinthu chofufutidwacho. Zinawatengera masiku atatu okha, ndipo kuchepa kwa masikuwo kumawapweteka mpaka lero.

Atatha, anakwera minibasi kupita ku Likhubula, kumene Joice anali kuthandiza mchimwene wake kulemba alendo ofuna operekeza kukwera phiri. Mtsikanayo atawaona anadzuka msanga, n'kuwapukutira mpando.

"Joice, tsiku lija pakhonde, unkaona kuti mafunso achuluka?"

"Tonse tinkaona, aphunzitsi. Pobwerera m'minibasi nkhani inali yomweyo."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

Joice anayang'ana pansi. "Tikanayambira pati? Inuyo munali mutasangalala."

A Namakhwa anavula chipewa. Anabwera atakonzeka kukalipiridwa, ndipo mumtima ankafunitsitsa kuti mwanayo awakalipire, mwina katunduyo akanapepukako.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ntchito ija ndakuchotsetsa ndine. Tanena zomwe zili kumtima kwako."

Joice anagwira zikhatho, n'kupinda bondo pang'ono monga momwe iwo anamuphunzitsira ali Folomu 1.

"Ayi, musadandaule, aphunzitsi. Chida chija chinali bwino, wolakwa ndine."