Thadzi la a Tiruneh Pachilumba cha Amonke

Thadzilo linatetera a Tiruneh ali chogwada pakhomo la tchalitchi, chipumi chili pamwala, amonke ali pakati pa nyimbo. Linatetera monyadira, ndipo linali ndi chifukwa: linali litaikira dzira m'dengu momwemo, pachilumba chimene chiyambire makolo a makolo sichinapondedwepo ndi chachikazi chilichonse, kaya mayi, kaya mbuzi, kaya nkhuku.

Akanakhala munthu wina, nkhaniyi ikanazilala msanga. Koma awa ndi a Tiruneh. Anakulira m'bwato la gumbwa panyanja ya Tana, akuperekeza bambo awo kukatula nkhuni ndi tirigu kwa amonke, ndipo bambowo atamwalira ntchitoyo inagwera iwo. Zaunsembe sanaphunzire, koma lamulo la pachilumbapo ankalisunga kuposa eni ake. Mlendo wamkazi akangosuntha mwendo m'bwato, iwo nkhafi m'mwamba: "Mayi, phazi limenelo libwerere!" Ngakhale akazi awo, a Emawayish, chikwatiwire akhala akudikira m'bwato pansi pa thanthwe, n'kumangomva kwa amuna awo za angelo a maso akuluakulu ojambulidwa m'zipupa.

Tsikulo m'bwato munali madengu awiri ovundikira: la lubani ndi makandulo a amonke, ndi la thadzi lopita kutsidya kwa mwana wawo Almaz, amene anali atangobereka kumene. A Tiruneh anatola limodzi n'kuyamba kukwera mtunda.

"Bambo a Almaz! Dengulo!" anakuwa a Emawayish ali m'bwato.

"Inu, malo ano sakuwapo."

"Ndikuti dengu mwatengalo..."

"Shii!"

A Emawayish anafunda nsalu yawo n'kukhala pansi. Ena amati anamwetulira, koma enawo kunalibe.

Kumtunda kuja nyimbo inaduka. Mkulu wa amonke, Abba Habte, anavundukula dengu ndi ndodo yake yopempherera. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana dzira, kenako mwini wake.

"Mwana wanga Tiruneh, mlendo wabwera nayeyu ndi wamwamuna?"

"Ayi, Abba."

"Ndimayesa ndi maso angawa."

Chilango chinali chofatsa, n'chifukwa chake chinapweteka: asapondenso pachilumbapo mpaka Pasaka. Katundu azimusiya pathanthwe, iwo azidikira m'bwato mpaka mapemphero atatha.

Ndiye munthu uja ankakwezera anzake nkhafi anayamba kukhala pamalo a amayi. Ulendo woyamba anapirira. Wachiwiri thukuta litawatsikira m'makutu, analephera kudzigwira.

"Kodi dzuwa la pano limawotcha chonchi?"

"Ili silinayambe," anatero a Emawayish. "Dikirani mthunzi wa thanthwewu uchoke."

Anawafunditsako mbali ya nsalu yawo. A Tiruneh anayang'ana m'mwamba: mitengo yokhayokha, ndi kansonga ka mtanda. Anafuna kufunsa ngati zaka zonsezi akazi awo ankaona zomwezi, koma anangokokera nsaluyo kumutu. Chiyambire tsikulo nkhafi sakwezanso. Akanyamula mlendo wamkazi amamuuza lamulo motsitsa mawu, maso ali m'madzi, ngati analipanga ndi iwo.

Thadzi lija silinaphedwe. Almaz anakana, akuti nkhuku yomva nyimbo za amonke sangaidye ndi mkate wa injera. Likungoyendayenda pabwalo, lanenepa, ndipo azimayi akamadutsa amaliweramira mwachipongwe, makamaka akaona kuti a Tiruneh ali pafupi.

Pasaka itayandikira, a Tiruneh ndi akazi awo anali kumwa khofi kwa a Yeshareg, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, amene pakamwa pawo sipadziwa chitseko. A Tiruneh anayesa kudzilimbitsa mtima.

"Zatsala pang'ono kutha izi. Ndikakweranso mtunda uja, anthu aiwala."

Anatero osayang'ana akazi awo. A Yeshareg anathira khofi m'kapu, anaika mphika pamakala, ndiye n'kuwayang'anitsitsa.

"Kwerani, a Tiruneh, ndani wakuletsani? Nkhuku yanu inaona angelo. Akazi anuwa zaka zonsezi aona nkhongo yanu basi."